Funsani a Dokotala: Kodi thupi likakula, mafupa a m'chiuno nawo amakula?

Mwezi uno makalata a nkhani ya msana abwera ambiri zedi moti ndachita kusankha. Ndatenga okhawo amene akufunsa za kukula kwa thupi la munthu ndi mafupa a kumunsi kwa msana, kumene ambirife timangoti m'chiuno. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo ena munalemba zazitali kwambiri ndiye ndadulako, musandikwiyire.

FUNSO: Zikomo a dokotala. Ndine bambo wa zaka 41, kutalika 1.70 m, sikelo ikuti 104 kg pano koma nthawi yomwe ndinkakwatira ndinali 72. Mayi a kunyumba akundivutitsa tsiku ndi tsiku kuti ndichepetse thupi chifukwa chiuno chimandipweteka ndikaima nthawi yaitali, ine ndimawauza kuti kwathu tonse ndife a mafupa akuluakulu olo bambo anga anali choncho. Mesa thupi likamakula mafupa a msana nawo amakula kuti alinyamule? Tiweruzeni.

YANKHO: Bambo, mlanduwu mwaluza kkkk, koma osati wonse, ndiye khalani pansi kaye tiyambire poyambira.

Msana si fupa limodzi ayi, ndi timafupa tosanjikizana ngati njerwa. M'khosi muli 7, kumene kwagwira nthiti kuli 12, m'chiunomo muli 5, kenako pali ena 5 amene anamatana n'kukhala fupa limodzi lophwatalala lija la pamwamba pa matako, ndi kamchira kumapeto. Asanu a m'chiunowo madokotala amawatchula L1, L2, L3, L4 ndi L5 kuwerenga kuchokera kumtunda, ndiye mukaona zilembo zimenezi pa pepala la ekisire musachite mantha, ali ngati manambala a nyumba basi. Amenewa ndiye akuluakulu kuposa onse chifukwa chilichonse chili pamwamba pawo, mutu, mikono, chifuwa, mimba, ngakhale katundu amene mwanyamula, chimatsamira iwowo, ndipo amanka nakulirakulira m'lifupi ukamatsika, L5 ndiye wophanuka kuposa anzake.

Koma akuluakulu akewo si akulu momwe anthu mumaganizira. Tengani bokosi la machesi muliike chogona pa tebulo. Nkhope ya fupa limodzi, pamene pamakhala katundupo, siisiyana kwenikweni ndi bokosilo, kungoti ndi yozungulirako ngati impso. M'lifupi ndi mamilimita 40 mpaka 50, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo 30 mpaka 35, ndipo fupalo kutalika kwake ndi mamilimita 25 mpaka 30. Thupi lanu lonse kuyambira pa mchombo kupita kumwamba lakhala pa kamalo kameneko.

Mbali yomwe mukunena zoona ndi iyi. Anthu ataliatali ndi a thunthu lalikulu amakhaladi ndi mafupa a msana okulirapo, izi zinayezedwa kambirimbiri. Ku Finland kuli gulu la anthu obadwa mu 1966 amene akatswiri akhala akuwatsatira chibadwireni, atafika zaka za m'ma 46 ena anawajambula msana ndi makina a MRI n'kuyeza fupa la L4, ndipo zinaoneka kuti a msinkhu ndi thupi lalikulu analinso ndi fupa lokulirapo. Komanso fupa ndi chinthu chamoyo, limamva katundu. Dokotala wa ku Berlin dzina lake Julius Wolff analemba zimenezi mu 1892, kuti fupa limadzimanga molingana ndi ntchito yomwe likupatsidwa.

Vuto lili pa nthawi. Ntchito yaikulu yomanga mafupa amenewa imachitika munthu akukula, makamaka pa nthawi yotha msinkhu, ndipo pofika zaka za m'ma 20 mpaka 25 timphepete ta mafupawa timakhala tatseka, saizi yake yakhazikika. Kuchokera pamenepo fupa limangoonjezerako pang'onopang'ono m'mbali mwake, timamilimita towerengeka pa zaka zambiri. Inu mwaonjezera makilo 32 mutakula kale. Fupa lomwe linamangidwa kuti linyamule munthu wa 72 likunyamula munthu wa 104, mwina lakulako kachidutswa, lalimbako mkati, koma silinakule ndi 44 peresenti ngati momwe sikelo yakwerera. Ndipo chimene chimakoka fupa kuti likule kwambiri ndi minofu yogwira ntchito, mafuta a pamimba amangolemera basi.

Nkhani ya mafupa akuluakuluyo tiimalize lero. Mafupa onse a mwamuna wa makilo 70 kuwaphatikiza pamodzi, ndi mafuta ake a mkati omwe, amalemera makilo 10 kapena 11. Olo mutakhala wa mafupa akulu kuposa anzanu onse, kusiyana kwake ndi makilo awiri atatu, osati 32. BMI yanu, kutanthauza kulemera kugawa ndi kutalika kawiri, ikutuluka 36, pomwe kunenepa kopitirira muyezo kumayambira pa 30.

Chinanso, mimba ili kutsogolo, msana uli kumbuyo. Yesani kunyamula ndowa ya madzi mutaikumbatira, kenako muinyamule mutatambasula mikono, ndowa ndi yomweyo koma muona kusiyana. Mimba ikatuluka imakokera munthu kutsogolo, minofu ya kumbuyo imalimbana nayo tsiku lonse kuti musagwe chafufumimba, ndipo mphamvu yonseyo imakathera pa L4 ndi L5. Mu 1999 katswiri wina wa ku Germany, Hans-Joachim Wilke, ndi anzake analowetsa kachipangizo koyezera mphamvu mu disiki, kakhushoni kokhala pakati pa fupa ndi fupa, ya pakati pa L4 ndi L5 ya munthu wamoyo wa makilo 70. Munthuyo atagona chagada kanawerenga 0.1 MPa (muyezo wa mphamvu yofinya), ataimirira 0.5, atawerama 1.1, atanyamula katundu wa makilo 20 chowerama msana utapindika kanafika 2.3, komwe ndi pafupifupi kuwirikiza ka 10 mpweya wa mu tayala la galimoto yaing'ono. Katundu yemweyo atamugwira pafupi ndi thupi kanatsika kufika 1.1. Ameneyo anali wa 70 kg.

Sindikunena kuti aliyense wonenepa chiuno chimamupweteka, kapena kuti owonda sadwala msana, amadwala kwambiri. Koma mayi akunena zoona. Yambani ndi kuyenda mwandawala mphindi 30 pa tsiku, kuchepetsa zotsekemera ndi zakumwa zija, olo mutatsitsa makilo 8 kapena 10 okha m'miyezi ingapo chiuno chikuuzani chokha. Mukawapepesenso mayiwo.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 23, kutalika 1.94 m. Anzanga amandiseka kuti ndili ndi mafupa a msana owonjezera. Komanso ndadziyeza m'mawa ndi madzulo, zikusiyana pafupifupi masentimita awiri, tepi ndi yomweyo. Ndikudwala?

YANKHO: Simukudwala achimwene, ndipo anzanuwo akungokuchitirani nsanje. Wamtali ndi wamfupi nambala ya mafupa ndi yomweyo, kungoti anu aliyense ndi wotalikirapo ndi timamilimita tingapo. Olo nyamalikiti ndi khosi lake lija ili ndi mafupa 7 m'khosi ngati inu ndi ine, kungoti limodzi limafika masentimita 25. Ndipo kutalika kwa anthu ataliatali kwambiri kumakhala m'miyendo, mukakhala pa benchi limodzi ndi mnzanu wamfupi muona kuti kusiyana kuja kwachepa.

Alipodi anthu amene ali ndi mafupa 6 m'chiuno, ena 4, chifukwa fupa la m'malire linalekana ndi anzake a pansi kapena linamatirira kwa iwo. Si zachilendo, ambiri amafa osadziwa, zimangotulukira pa ekisire ya zinthu zina, ndipo sizitengera kuti munthu ndi wamtali.

Za tepizo, pakati pa fupa ndi fupa pali disiki, kakhushoni ka chicherewecherewe kamene mkati mwake muli madzi ambiri. Madisiki onse pamodzi amapanga pafupifupi kota ya kutalika kwa msana, ndipo a m'chiuno ndiye ochindikala kwambiri, mamilimita 10 kapena kuzungulira pamenepo. Tsiku lonse mukuyenda, kukhala, kunyamula, kulemera kwa thupi kumafinya madzi aja ngati siponji, usiku mukagona amabwereramo. Ndiye munthu aliyense amafupika sentimita imodzi kapena awiri pofika madzulo, inu poti msana ndi wautali mukuona zambiri. Anthu opita mumlengalenga aja, kumene kulibe chokokera zinthu pansi, amatha kutalika mpaka masentimita 5, akabwera padziko amabwereranso mwakale.

Chomwe muyenera kusamala ndi china. Kalekale mu 1638 Galileo anaona kuti chinthu chikakula kawiri mbali zonse, nkhope yonyamula katundu imakula kanayi koma kulemera kumakula ka 8, n'chifukwa chake njovu ili ndi miyendo ngati mizati pomwe gwape ali ndi timiyendo ngati ndodo. Kwa anthu kusiyana kwake si kwakukulu choncho, komabe wamtali akawerama thunthu lake limakhala ngati mpini wautali, ndipo matebulo, masinki ndi mipando ya m'galimoto sanapangire anthu a 1.94, ndiye mumawerama kawirikawiri kuposa anzanu osazindikira. Kwezani kompyuta ifike pa maso, ponyamula chinthu pindani mawondo, ndipo chizolowezi chodzipinda kuti mufanane ndi anzanu pojambulitsa chija musiye.

FUNSO: A dokotala, ine ndi mayi wa zaka 56, wamfupi, 1.49 m, 47 kg, chibadwireni ndine wochepa thupi. Ndinapita kukayezetsa mafupa pa makina otchedwa DXA, akuti T-score ya msana, nambala yosonyeza kulimba kwa mafupa, ndi -2.3. Mkulu wanga ndi wojintcha, wandiposa zaka zinayi, yake inatuluka -0.8. Chonsecho ine ndi amene ndimayenda, ndimagwira ntchito, iwo amangokhala. Zikutheka bwanji?

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi limene landisangalatsa kwambiri mwezi uno chifukwa apa saizi ya fupa imapusitsa ngakhale makina.

DXA imayang'ana fupa mbali imodzi ngati chithunzi. Imayeza kuchuluka kwa mchere wa m'fupa, kashiamu ndi zinzake, n'kugawa ndi malo amene fupalo likuoneka pa chithunzicho, yankho limatuluka mu magalamu pa sikweya sentimita. Kuya kwa fupa, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, makinawa sakuona. Ganizirani matambula awiri, lina laling'ono lina lalikulu, onse mwathiramo madzi a mtundu umodzi kuchokera mu jagi imodzi. Mukayang'ana cham'mbali, lalikululo madzi ake aoneka oderapo chifukwa maso akudutsa madzi ambiri, chonsecho madzi ndi omwewo. Fupa lalikulu limaoneka lolimba kuposa momwe lilili, laling'ono limaoneka lofooka kuposa momwe lilili. Ndiye mbali ina ya kusiyana kwa inu ndi akulu anuwo ndi saizi chabe.

Palinso china chomwe chimakweza nambala mwabodza. Munthu akamakula mafupa a m'chiuno amamera timinga m'mphepete, ndipo makina amawerenga timingato ngati fupa labwino. Ndiye -0.8 ya munthu wa zaka 60 ndimaiyang'ana kawiri, n'chifukwa chake amayezanso fupa la ntchafu pa mfundo ya m'chiuno, samadalira msana wokha.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi vuto la makina. Fupa laling'ono ndi laling'onodi, mzati wowonda umathyoka msanga kuposa wonenepa olo mtengo utakhala umodzi. Mafupa a msana a akazi nkhope yake ndi yocheperapo ndi pafupifupi kota kuyerekeza ndi ya amuna, ndipo kusiyanako sikutha konse ngakhale mutafananitsa mwamuna ndi mkazi a msinkhu umodzi. Onjezerani kusiya msambo, pamene mahomoni a chikazi otchedwa estrogen amatsika ndipo mkati mwa fupa mumayamba kukhala ngati mtengo wofumbwa, mupeza chifukwa chake amayi ochepa thupi ndi amene mafupa a msana amawaphwanyikira kawirikawiri. Kuchepa thupi kwenikweniko kumawerengedwa ngati chiopsezo pachokha.

Muyezo womwe bungwe la WHO linakhazikitsa mu 1994 umati -2.5 kutsika ndiye matenda a kufooka kwa mafupa, pakati pa -1 ndi -2.5 ndi chenjezo. Inu muli pa chenjezo koma pafupi ndi mzere. Musasiye kuyendako, ndi kumene kukukusungani. Onjezerani zolimbitsa minofu, zakudya za kashiamu, kadzuwa ka vitamini D, fodya ayi. Ndipo mukambirane ndi dokotala wanu zinthu zomwe makina sanakufunseni, ngati munathyokapo fupa pa kugwa kwapang'ono, ngati mayi anu anathyokapo fupa la ntchafu pa mfundo ya m'chiuno, ngati munamwapo mankhwala a prednisolone kwa miyezi yambiri. Zimenezo ndi zomwe zimatiuza ngati mukufunika mankhwala.

Kanthu kena kongodabwitsa, poti takamba za akazi. L5 si yofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndi yaitali kutsogolo, yaifupi kumbuyo ngati mphero, n'chifukwa chake chiuno chimalowa mkati. Kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti kwa amuna mafupa opendekeka choncho ndi awiri a pansi, kwa akazi ndi atatu, zomwe zimathandiza mayi woyembekezera kuweramira kumbuyo mimba ikamakula.

FUNSO: Amuna anga ndi chiphona, 1.88 m, mapewa ngati chitseko, zaka 59. Akayenda pang'ono miyendo imachita dzanzi ndi kulemera mpaka akhale pansi, koma pa njinga amapalasa bwinobwino. Atajambulidwa MRI akuti njira ya mitsempha ndi yopapatiza pa L4 ndi L5, mwina adzafunika opaleshoni yoika zitsulo. Munthu wamkulu chonchi njira ingachepe bwanji? Ndipo zitsulozo zimakhala saizi imodzi kwa aliyense?

YANKHO: Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa, mayi. Fupa la msana lili ndi mbali ziwiri, kutsogolo kuli chigubu chonyamula katundu chija, kumbuyo kuli mphete. Mphetezo zikasanjikizana zimapanga ngalande yomwe mumadutsa mitsempha yopita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Chigubu chimatsatira kukula kwa thupi, koma ngalande siitsatira kwenikweni. Kukula kwake kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo kumakhala kutatha mwana ali wamng'ono kwambiri, cha m'ma zaka zinayi, nthawi yomwe thupi lonse lidakali ndi ulendo wautali. Ndiye mutha kupeza chiphona chili ndi ngalande yothina, kamayi kakafupi kali ndi ngalande yotakasuka. Zili ngati nyumba yaikulu ya zipinda zambiri koma paipi ya madzi anaika yaing'ono pomanga fawundeshoni.

Kwa anthu ambiri ngalandeyi imakhala mamilimita 15 kapena kuposa. Dokotala wa ku Netherlands, Henk Verbiest, amene analongosola vutoli mu 1954, ndi amene anasiya miyezo yomwe ikutchulidwabe, kuti pansi pa 12 ndi yothinirapo, pansi pa 10 ndi yothina ndithu. Wobadwa ndi ngalande yothinirapo amatha kukhala zaka 50 osamva kanthu, kenako ukalamba umabwera ndi zake, disiki yaphwa n'kutumphukira mkati, timfundo ta kumbuyo tatupa, mnofu wolimba wa m'kati mwa ngalande wachindikala, kampata kaja n'kutha.

Za njingazo ndi chizindikiro chenicheni cha vutoli. Munthu akaima chilili ngalande imathina, akawerama imatseguka pang'ono, ndiye pa njinga, kapena atatsamira tirole mu shopu, amayenda mtunda wautali osamva kanthu.

Zitsulo sizikhala saizi imodzi. Ma screw amadutsa mu timilatho tiwiri tolumikiza chigubu ndi mphete, timilathoto pa L1 timakhala topapatiza, mamilimita 7 kapena 8, pofika pa L5 tafika 15 kapena kuposa. Ma screw ambiri a m'chiuno amakhala onenepa mamilimita 5.5 mpaka 7.5, kutalika 40 mpaka 50. Dokotala sayang'ana mapewa a munthu n'kusankha ayi, amayeza pa sikani fupa lililonse palokha, kumanja ndi kumanzere, chifukwa munthu wamkulu amatha kukhala ndi kamlatho kowonda ndipo screw yonenepa ingang'ambe khoma n'kukhudza mtsempha. Komanso si aliyense wa vutoli amaikidwa zitsulo, ambiri amangowatsegulira mpata, zitsulo zimabwera makamaka ngati fupa lina likutsetsereka pa linzake. Mukawafunse adokotala awo chifukwa chake akuganiza za zitsulo, ndi funso labwino ndipo sakwiya.

Ichi chokha musaiwale. Tsiku lomwe bambowo adzalephere kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osamva, kapena achita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumaliseche, kapena phazi layamba kukwakwa pansi mwadzidzidzi, musadikire tsiku la kiliniki. Ndi kuchipatala nthawi yomweyo, olo pakati pa usiku.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi 8, anandiuza kuti ndidzachira ndi opaleshoni. Ndine wonenepa, 112 kg. Pa mwana woyamba jakisoni wa pamsana anandibaya kanayi asanapeze malo, ndinamva wina akunena kuti sakumva mafupa. Kodi mafupa anga ndi akulu kwambiri moti singano siidutsa? Ndikuopa kupuwala.

YANKHO: Pepani achemwali, kubayidwa kanayi uli ndi mantha kale si masewera. Koma mafupa anu alibe mlandu. Chomwe chimasintha munthu akanenepa ndi mtunda wochoka pa khungu kukafika pa ngalande. Kwa ambiri ndi masentimita 4 mpaka 6, kwa wonenepa kwambiri umatha kupitirira 8. Singano ya nthawi zonse ndi ya masentimita 9, ndipo zilipo zazitali za 12 ndi 15 zopangira anthu ngati inu.

Wobaya amapeza malo ndi zala. Amagwira nsonga za mafupa a m'mbali mwa chiuno, pamene timagwira tikaika manja m'chiuno paja, n'kujambula mzere m'maganizo kuchoka uku kufika uko, mzerewo umadutsa cha pa L4. Kenako amafufuza timinga ta pakati pa msana kuti alowe pa mpata wa pakati pa tiwiri. Mafuta akachuluka zonsezi zimabisika, munthu amakhala ngati akufufuza kiyi pansi pa matiresi. Ndi zomwe ankatanthauza aja.

Za kupuwala, chingwe chachikulu cha msana mwa munthu wamkulu chimathera cha pa L1 kapena L2. Kutsika pamenepo kumangokhala mitsempha yoyandama m'madzi ngati ubweya wa mchira wa hatchi, singano ikafika imapatuka. N'chifukwa chake amabaya pa L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5, pansi pa pomwe chingwe chathera. Njira imeneyi si yatsopano, August Bier anaiyamba mu 1898 ku Kiel, ndipo kupuwala chifukwa cha jakisoni ameneyu n'kosowa kwambiri. Chomwe chimachitikako ndi mutu kupweteka masiku angapo, ndiponso BP kutsika nthawi ya opaleshoni, zomwe amakhala akuziyang'anira.

Pemphani kuonana ndi wogonetsa anthu tsiku lisanafike, muwauze zomwe zinachitika ulendo watha kuti akonzeretu singano yaitali, ndipo kumene kuli makina a sikani ya ultrasound amatha kuona mpata ndi kuya kwake asanabaye. Inu mbali yanu ndi kakhalidwe. Khalani tsonga m'mphepete mwa bedi, mapazi pa stulu, kumbatirani pilo, chibwano pachifuwa, mapewa agwe, ndiye mukankhire chiuno kumbuyo msana upindike ngati uta. Ambiri amangoweramira kutsogolo msana uli chiwongokere, pamenepo mipata siitseguka. Muyeserere kunyumba.

FUNSO: Ndine mwana wa sukulu. Ndinaona pa TV akunena kutalika kwa munthu wakufa kalekale atangopeza mafupa. Fupa limodzi la msana lingakwane?

YANKHO: Lingapereke chithunzi koma chosokonekera, mwanawe. Fupa limodzi la m'chiuno likhoza kukuphonyetsa ndi masentimita angapo uku kapena uko, asanu onse pamodzi amachitako bwino, koma fupa la ntchafu ndi limene amalikonda chifukwa limatsatira msinkhu kuposa ena onse. Njira yolondola kwambiri ndi ya dokotala wa ku France, Georges Fully, ya mu 1956. Amayeza chigaza, mafupa a msana limodzilimodzi kuchoka pa lachiwiri la m'khosi mpaka pansi, ntchafu, msongolo ndi mafupa a chidendene, n'kuphatikiza, kenako n'kuonjezera masentimita 10 mpaka 11.5 a madisiki ndi khungu zomwe zinaola. Kulemera kwa munthu ndiye kovuta kwambiri kukudziwa kuchokera ku mafupa, pa chifukwa chomwe ndawauza bambo a funso loyamba aja.

FUNSO: Agogo anga aakazi anali aatali kuposa mayi anga, pano afupika kwambiri ndipo msana wapindika. Akuti sukupweteka. Ndi ukalamba basi?

YANKHO: Kufupika pang'ono ndi ukalamba, madisiki amauma, minofu imafooka, munthu amataya masentimita awiri atatu pa zaka zambiri. Chodabwitsa n'choti mafupawo amafupika koma m'lifupi amaonjezerako. Koma munthu akafupika masentimita 4 kapena kuposa kuyerekeza ndi pa utsikana wake timakayikira kuti fupa lina kapena angapo anaphwanyika n'kutitimira, makamaka cha pamene nthiti zathera, pa T12, fupa lomaliza logwira nthiti, ndi L1. Ambiri mwa mafupa ophwanyika chonchi sapezeka n'komwe chifukwa munthu samva ululu woti n'kupita nawo kuchipatala, ndipo limodzi likaphwanyika lotsatira silichedwa, ndiye kusapwetekako kusakupusitseni.

Ayeseni kunyumba. Aimirire atatsamira khoma, zidendene ndi matako zikhudze khomalo, akuyang'ana kutsogolo, muone ngati nkhongo ikufika pakhoma. Kenako imani kumbuyo kwawo, iwo atatambasulira mikono kutsogolo, mulowetse zala zanu chopingasa m'mbali mwa mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Payenera kulowa zala zitatu kapena zinayi. Ngati nkhongo siikufika pakhoma, kapena pakulowa zala ziwiri zokha kapena kuchepera, apite akajambulidwe ekisire ya msana ya cham'mbali. Ndipo ngati kupindikako kwabwera m'miyezi yochepa, pali kanunda kosongoka pamalo amodzi, akuwonda, akutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, muwauze adokotala zimenezo poyamba penipeni, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana ndipo imachizika ikapezeka msanga.